Munda Wakale wa ku Zomba ndi Phunziro Lake kwa Ife a Kumapiri

Madzulo ano sindikamba za mizere kapena za mitengo ya fodya ayi. Ndifuna kukuuzani za munda wina umene sakololamo chimanga ngakhale dengu limodzi, koma wasungidwa zaka zopitirira 130. Mundawo uli ku Zomba, m'munsi mwa phiri, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Ambiri amene apita ku Zomba amangoona msika ndi maofesi, nabwerera kwawo osaudziwa.

Chiyambi chake ndi ichi. M'chaka cha 1891, pamene Harry Johnston anayamba kulamulira dziko lino m'dzina la Angerezi, anali ndi munthu wodziwa za mitengo ndi mbewu, dzina lake Alexander Whyte. Iyeyu ndiye anatsegula mundawo pafupi ndi nyumba ya Bwanamkubwa. Cholinga chake chinali kuyesa mbewu zochokera kutali, kuti aone imene ilola nthaka ya kuno ndi imene ikana. Whyte yemweyo anakweranso phiri la Mulanje natumiza ku London nthambi za mkungudza, ndipo m'mabuku a akatswiri mtengowo utchedwa ndi dzina lake kufikira lero. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe m'chaka cha 1975, koma munda unatsala pomwepo. Bungwe limene liusamala tsopano ndi National Herbarium and Botanic Gardens, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1987.

Mwambo wa minda yotere unachokera ku Ulaya. Mizinda yaikulu monga London ndi Edinburgh ili ndi minda yosungiramo mitengo ya maiko onse, ndipo ife sitili alendo pa zimenezi. Khofi woyamba amene anabereka pa Mishoni ya Blantyre anachokera m'munda wa ku Edinburgh m'chaka cha 1878, atanyamulidwa ndi Jonathan Duncan. Mtengo umodzi wokha ndiwo unapulumuka, ndipo unayambitsa ulimi wa khofi kumapiri a kummwera. Taonani mmene kambewu kamodzi kosamalidwa bwino kangathe kusinthira dziko.

Tsono mlimi akalowa m'munda wa ku Zomba aonemo chiyani? Alendo ambiri amakonda mthunzi, maluwa ndi tinjira tokhotakhota, ndipo achinyamata amapitako kukacheza. Koma inu muyang'ane ndi maso a mchikumbe. Choyamba, malowo ndi otsetsereka monga minda yathu ya kuno, koma nthaka yake siinakokoloke, chifukwa ili yophimbika ndi udzu ndi masamba ogwa. Chachiwiri, m'mphepete mwa mtsinje mitengo inasiyidwa, ndipo mizu yake igwira gombe kuti lisagumuke. Chachitatu, mukapeza mtengo umene simuudziwa, funsani antchito a m'mundamo dzina lake ndi kameredwe kake. Amene aona kuti Zomba yatalika angathe kupita ku munda wa bungwe lomwelo ku Lilongwe, pafupi ndi Capital Hill.

Pali chenjezo limodzi. Si mbewu zonse zachilendo zimene zili zabwino. Namasupuni, amene avutitsa asodzi mu Shire, kwawo ndi ku South America, ndipo anthu anamfalitsa m'maiko ambiri chifukwa cha kukongola kwa duwa lake. Bulugama ndi wabwino pa milimo ndi nkhuni, koma akumwa madzi ambiri, kotero sayenera kubzalidwa pakasupe. Nchifukwa chake mbewu yatsopano iyambe yayesedwa pamalo pang'ono isanamwazidwe m'mudzi monse.

Kapena wina adzati, "Zimenezo nza Azungu ndi anthu a m'tauni." Iyayi, abale anga. Makolo athu anali nayo nzeru yomweyi Whyte asanabadwe. Kodi mudzi uti umene ulola munthu kudula mtengo kumanda? Pitani mudzi uliwonse kuyambira ku Mvera kufikira kwa Nthondo, mudzaona kuti pamene pali nkhalango yobiriwira pakati pa minda youma, pamenepo ndi pamanda. Onaninso nkhalango ya pamwamba pa phiri la Ntchisi, imene siiyoyola masamba chaka chonse, ndi timitsinje totuluka mmenemo. Mitengo ikhala pamene pali mwini woiletsa nkhwangwa ndi moto. Pamene palibe woletsa, zigwembe zidya minda, akasupe aphwa mwezi wa September usanathe, ndipo amayi athu alawira mbandakucha kukafuna madzi kutali.

Kotero pempho langa kwa inu mafumu ndi ili. Itanani anthu anu pabwalo, mugwirizane malo amodzi, makamaka pamutu pa kasupe kapena pachitunda chimene khasu lachitopetsa, ndipo muwapatule akhale munda wa mudzi. Si chinthu chatsopano ayi: nkhalango za m'midzi zinayamba m'dziko muno m'chaka cha 1926, ndipo lamulo la nkhalango la 1997 lipatsa nyakwawa mphamvu yopatula malo otere. Ngakhale theka la ekala likwanira poyamba.

Ntchito yake iyende chotere. Lambulani njira yotchinga moto kuzungulira malowo udzu usanaumitsitse. Zitsa zimene ziphukira musazizule, pakuti mphukira ikula msanga kupambana mbande. Fesani nazale m'miyezi ya August ndi September pafupi ndi madzi, ndipo muwokere mvula itakhazikika, mu December kapena January. M'mbali mwa madzi ikani katope, mkuyu, mbawa ndi nsungwi. Kumtunda siyani masuku, muwanga ndi mlombwa. Kangodya kamodzi kakhale koyeseramo zipatso ndi mbewu zatsopano. Mbuzi zimangidwe, ndipo pakhale munthu mmodzi wodziwika woyang'anira.

Mbawa siifulumira, ndipo ena a ife sitidzaona matabwa ake. Koma amene anabzala ku Zomba nawonso anapita kale, ndipo anthu akhalabe pamthunzi pawo. Alangizi a zaulimi ndi a zankhalango a kwanuko ali okonzeka kukuthandizani posankha malo ndi kupeza mbewu. Kambiranani nkhaniyi sabata ino.