Kodi Kalulu Woweta Angakukute Dengu Osadwala?

Mwezi wa June titangotsiriza kukolola, mdzukulu wanga wa giredi 5 ananditsatira kudimba akulira kuti kalulu wake wafa. Kalulu ameneyu sanali wa ndiwo ai. Mwanayo anam'patsa dzina, anali kum'nyamula ngati khanda, ndipo kaamba ka mphepo anam'ikira m'khola dengu lakale limene ambuye ake analeka kutengeramo ufa, kuti azigonamo. Kaluluyo anakhala masiku awiri osadya, atakhumata pakona, mimba itauma gwa. Titam'tumbula tinapeza m'cifu mwake mpukutu wa ulusi woyera wopiringizana ndi ubweya. Unali ulusi wa saka ya feteleza. Dengulo litabooka pansi, amene analisoka ndi ulusi umenewo ndine.

Kucokera apo anthu angapo andifunsa ngati dengu, nsengwa, licero kapena citundu zingaphe kalulu. Yankho langa ndi lakuti nsungwi, bango ndi mlaza pazokha sizipha. Zimene zimapha ndi zimene ife tinasokerapo, tinapakapo kapena tinasungiramo. Motero musanapereke dengu kwa kalulu muyenera kudziwa mbiri yake yonse, kucokera kwa woluka kufikira tsiku limene amai analitaya kuseri kwa nkhokwe.

Poyamba timvetse cifukwa cake nyama imeneyi ikukuta ciliconse. Kalulu wamkulu ali ndi mano 28, ndipo onsewo amakula moyo wake wonse osaleka. Akutsogolo amakula pafupi-fupi mamilimita 2 pa mlungu, kutanthauza masentimita 10 pa caka. Akapanda kupereseka amapotoka, amabaya lilime ndi masaya, kalulu nayamba kukha dovu ndi kulephera kudya. Tsono mukamuona ateketa thabwa la khola musam'menye kuti ndi wamwano, ndi cibadwa cake. Cina cimene ambiri sadziwa ndi cakuti kalulu sasanza. Galu akameza coipa amacibweza, koma cimene calowa m'mimba mwa kalulu cili ndi njira imodzi cabe. Nsungwi yoteketa bwino imapita pamodzi ndi udzu. Ulusi wa pulasitiki sugayika. Umakolana ndi ubweya umene kalulu amameza podzinyambita, nutseka njira.

Ndinene pano kuti kalulu woweta si yemwe uja wa m'nthano amene ananyenga Njovu ndi Fisi. Makolo a wowetayu anacokera ku Spain ndi Portugal. Ana ake amabadwa opanda ubweya, maso ali otseka, pamene a kalulu wa m'chire amabadwa ndi ubweya ali kupenya kale. Wa m'chire amasankha yekha cakudya m'dambo lonse. Wa m'khola amadya cimene mwam'patsa, ndipo akasungulumwa amadya ndi kholalo.

Dengu latsopano, loyera, longocoka m'manja mwa woluka, la nsungwi kapena mlaza wosapaka kanthu, lomangidwa m'mphepete ndi luzi kapena mlaza womwewo, ine sindiliopa. Amene mumayenda pa mseu wa Great East mumadziwa madengu ndi malicero amene amagulitsidwa pa Luangwa Bridge. Ubwino wogula pamalo otere kapena kwa woluka wa m'mudzi mwanu ndi wakuti pali munthu wom'funsa. Mufunseni mosabisa: kodi mwapakapo ciani? Pakuti nsungwi imafumbwa, ndipo ena pofuna kuiteteza amaipaka dizilo, parafini kapena oilo wakuda wa galimoto. Ena amapaka vanishi kuti dengu linyezimire, ena amanyika mizere m'utoto wofiira ndi wobiriwira kuti likope ogula. Zonsezi n'zabwino pa dengu lopita nalo ku cigayo, koma osati m'kamwa mwa ciweto. Nunkhizani. Ngati mumva fungo lina loposa la udzu wouma, kapena cala conyowa cicoka ndi utoto mukapukuta, lisiyeni. Madengu okongola a m'masitolo a m'tauni ndiye ndimawakana kotheratu, popeza ambiri ali ndi guluu, timisomali ndi waya wobisika m'kati, ena ndi pulasitiki yooneka ngati mlaza, ndipo wogulitsa sadziwa kumene anapangidwa.

Koma ngozi yaikulu kwa ife alimi ili pa dengu lakale, cifukwa ndi limene timapatsa ana. Palibe amene amagulira kalulu dengu latsopano. Tsono taganizani nchito zimene dengu limodzi limagwira pakhomo. Mu November linasunga mbeu ya cimanga, ija yopaka mankhwala ofiira kapena obiriwira. Mu February linakhala pakona pamodzi ndi mabotolo a mankhwala opopera thonje, lina mwina linadontha. Kwa olima fodya linanyamula masamba, ndipo fodya ndi ululu kwa kalulu. Mu July linatengera cimanga cothira mankhwala a anankafumbwe. Nthawi ina amai anaikamo nsima yosakaniza ndi mankhwala a makoswe kuti nkhuku zisaifike. Zoluka zili ndi timipata tambiri-mbiri ndipo zimamwa zamadzi ngati nsanza. Kukung'untha sikucotsa zimenezi, ngakhale kutsuka sikupereka citsimikizo. Kalulu wa makilogalamu awiri safuna ululu wambiri ngati ng'ombe.

Palinso cuku. Dengu limene munasungiramo nshawa kapena cimanga cosauma bwino, kapena linagona pa cinyezi nyengo ya dzinja, limamera nkhungu yakuda, yoyera kapena yobiriwira m'mipata. Nkhungu ina ya pa nshawa ndi cimanga imatulutsa ululu wochedwa aflatoxin umene umaononga ciwindi, ndipo kalulu ali m'gulu la ziweto zimene sizicedwa kugonja nao. Dengu lonunkha cuku likhale nkhuni.

Za zigamba ndanena kale ndi manyazi anga. Onjezanipo waya, mphira za cubu ca njinga, nsanza, nailoni ya ukonde ndi zidutswa za neti ya udzudzu, zonse zimene timamangira madengu akatha mphepete. Ngakhale cingwe ca khonje, cikakhala cacitali cidulidwe ndi kucotsedwa. Ndiponso nsungwi yakale youmitsitsa imang'aluka nisiya nsonga zakuthwa zimene zingabaye m'kamwa kapena m'maso. Dengu labwino lomwe, likayamba kumasuka, muzilipenya tsiku ndi tsiku ndi kucotsa zosongoka.

Ena anganene kuti, bwanji nanga akalulu athu adya madengu zaka zonsezi osafa? Ndi zoona, ambiri amapulumuka. Koma ndi kangati timatumbula kalulu wakufa kuti tione cimene camupha? Timangoti wafa ndi mphepo, kapena ana anam'gwira kwambiri.

Pali cinthu cina cimene ndifuna makolo amve. Dengu, ngakhale labwino motani, si cakudya ndipo silikwanira kuperesa mano. Pokukuta dengu kalulu amagwiritsa mano akutsogolo cabe. Akumbuyo amapereseka pamene atafuna udzu nthawi yaitali, nsagwada zikupera uku ndi uku ngati mphero. Kalulu wodya gaga ndi nsima yotsala yekha-yekha ndiye amalusira madengu ndi matabwa, ndipo amameza zambiri. Mupatseni udzu wouma bwino wosathera m'khola usana ndi usiku, mulu wolingana ndi thupi lake tsiku lililonse. Onjezani masangwe a nshawa ouma opanda cuku, kholowa, cisoso, ndi madzi oyera. Cokukuta cabwino cimene cili pafupi ndi nthambi ya mabulosi pamodzi ndi masamba ake, kapena nsungwi yodula nokha pa malo osapopera mankhwala. Musam'patse nthambi kapena masamba a kotapeya, nsatsi ndi nkhadze.

Nanga akadya kale? Penyani ndowe zake. Kalulu wamoyo amagwetsa timibulu tambiri, tozungulira, tolingana. Tikayamba kucepa, kukhala tating'ono touma, kapena kutuluka tolumikizana ndi ulusi, cotsani dengu pomwepo. Akakhala maola 12 osadya ndi osatulutsa ndowe, akukukuta mano, atakhumata, imeneyo ndi ngozi ya tsiku lomwelo, osati yodikira Lolemba. Muikireni madzi ndi masamba anthete, mum'funditse ngati wazizira, ndipo pitani naye kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu kapena ku ofesi ya Veterinary pa boma, mutatenga cidutswa ca dengulo ndi botolo la mankhwala amene muwaganizira. Musam'mwetse mcere kapena sopo kuti asanze, sangathe. Ulusi ukaonekera kumbuyo musaukoke, mungang'ambe matumbo. Dulani cabe umene uli kunja. Ndiponso musam'patse makapisozi a anthu otsala m'nyumba. Amoxicillin womwa amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo mwa kalulu, ndipo kalulu amatha kufa ndi mankhwalawo osati ndi dengu. Amene wafa mukumuganizira ululu akwiriridwe mozama, asadyedwe ndi anthu kapena agalu.

Mdzukulu wanga tsopano ali ndi akalulu awiri. Amagona m'kabokosi ka matabwa osapaka penti, kodzaza udzu. Ndinam'gulira nsengwa yaing'ono kwa mkulu wina woluka m'mudzi mwathu, amene ndinam'pempha kuti asapakepo kanthu ndipo amange mphepete ndi luzi. Mkuluyo anaseka kwambiri atamva kuti ndi ya akalulu. Inatha milungu itatu.