Khasu la Ng'ombe Pakati pa Atonga

Kale anthu a m'dziko la Zambia analikulima ndi khasu la m'manja lokha. Atonga a ku cigawo ca kummwera anali ndi ng'ombe, koma sanalikuzigwiritsa nchito m'munda. Ng'ombe zinali za mkaka, za nyama ndi za malowolo.

M'caka ca 1905 wansembe wina wa ku France, dzina lace Bambo Joseph Moreau, anamanga misyoni ku Chikuni, pafupi ndi Monze. Iye anaphunzitsa ng'ombe kusenza goli ndi kukoka khasu lalikulu lochedwa pulawo. Cinthu cacilendo anthu sacilandira msanga, pakuti mlimi akalakwa pa kalimidwe, banja lace ligona ndi njala caka cathunthu. Cotero ambiri anayamba aona kaye.

Anyamata amene anagwira nchito pa misyoni ndi pa mafamu a Azungu anaphunzira kulima ndi ng'ombe. Atabwerera kwao, analima minda yaikulu m'masiku owerengeka, nadzaza nkhokwe zao. Anansi ao poona ici anayamba kubwereka pulawo, ndipo pambuyo pace anafuna yaoyao. Maso anawaphunzitsa koposa mau.

Koma kuona kokha sikunakwanire, cifukwa pulawo inafuna ndarama. Njanji inapita pakati pa dziko la Atonga, nifika ku Broken Hill, kumene tsopano ndi ku Kabwe, m'caka ca 1906. Patapita zaka zoposa 20, migodi yaikulu ya mkuwa inatsegulidwa ku Copperbelt, ndipo anchito ace anafuna cakudya cambiri. Atonga anagulitsa cimanga cao, ndipo ndi ndaramazo anagula mapulawo. M'zaka za m'ma 1930 khasu la ng'ombe linafala m'midzi yambiri.

Komabe silinafike ponse. M'cigwa ca Luangwa muli kashembe, nchenche imene ipatsa ng'ombe nthenda yakupha. Kumeneko anthu anakhalabe ndi khasu la m'manja, si cifukwa ca ulesi kapena kupusa ai, koma cifukwa ca kusowa ng'ombe.

Motero cinthu catsopano cifala pamene anthu aona ubwino wace m'munda wa mnzao, ali nayo njira yocigulira, ndiponso ciyenerana ndi dziko lao.

Mafunso
1. Kodi njanji inathandiza bwanji alimi a Citonga?
2. Nanga pulawo inalephereranji m'cigwa ca Luangwa?