"Ndamva" wa ku sikelo: kodi tamvadi?

Amayi anzanga, pali liwu limodzi limene limamveka kwambiri m'zipinda za sikelo: "Ndamva." Namwino akafotokoza za mankhwala, mayi amazyolika, manja ali pamiyendo, n'kuvomera. Akatuluka panja m'pamene amafunsa mnzake wa pabenchi kuti, "Kodi paja ati ndizimwa kangati?"

Mayiyu si wogona ayi. Amayendetsa munda wa mbatatesi ndipo ndalama za banki m'khonde amawerengera osaphonya. Chimene chamutseka pakamwa ndi kusiyana kwa mipando. Wina wavala yunifolomu, wakhala kuseri kwa tebulo, ndipo m'kabuku ka kuchipatala akulembamo Chingerezi. Winayo wayenda wapansi kuyambira mbandakucha m'chisanu cha kumapiri kuno, ndipo akuopa kuti akachulutsa mafunso aoneka wamwano.

Kuno ku Dedza, Achewa ndi Angoni omwe, tinaleredwa kuti wamkulu akamayankhula sadulidwa mawu. Ulemu umenewu ndi wabwino, koma ukafika pobisitsa matenda umatipha. Taganizirani za kunyumba. Mayi woyembekezera akamva mutu kuwawa kwambiri usiku, amayamba wadikira bambo. Bambo nawo amati amve kaye kwa apongozi kapena kwa amalume, eni mbumba. Mwini thupi, amene akumva ululuwo, ndiye amayankhula pomaliza.

M'chaka cha 1994, akatswiri awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, anafotokoza kuchedwa kwa mitundu itatu kumene kumaphetsa amayi pa uchembere: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira thandizo loyenera atafika kale. Kuchedwa kwa panjira tingaloze misewu ndi mapiri. Koma koyambako ndi komalizako nthawi zambiri kumayambira pakamwa: ndani ali ndi chilolezo choyankhula, ndipo ndani akumvedwa.

Kufunsa ndi ufulu wanu. Mu 2011 bungwe la White Ribbon Alliance linatulutsa chikalata cha chisamaliro chaulemu kwa amayi oyembekezera. Mwa zina, chimanena kuti mayi ayenera kuuzidwa zomwe zikuchitika m'thupi mwake, kupemphedwa chilolezo asanamuchite chilichonse, ndi kusungiridwa chinsinsi.

Choncho musanadzuke pampando, funsani zinthu zitatu. Mwapeza chiyani? Ndikachite chiyani kunyumba? Ndikaona chiyani kuti ndibwerere msanga? Kenaka bwerezani m'mawu anuanu zimene mwauzidwa, kuti ngati pena mwamva molakwa namwino akonze pomwepo. Ife ophunzitsa anamwino ndi azamba timawauza ophunzira athu kuti ayambe ndi moni, akhale pansi molingana ndi mayi, ndipo m'malo mofunsa kuti "Mwamva?" anene kuti, "Mayi, tandiuzani mmene mukamwere mankhwalawa."

Pali zizindikiro zosadikira chilolezo cha munthu aliyense: kutaya magazi, mutu waukulu, kuona chizimezime, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, ndi mwana kusiya kusewera m'mimba. Kambiranani ndi bambo ndi achibale mimba ikadali yaing'ono, kuti izi zikaoneka ulendo uyambike nthawi yomweyo.

Nafenso m'bungwe la amayi tidzifunse. Pa misonkhano ya kumphakati, kodi mtsikana wa mimba yoyamba amapeza mpata? Kapena amayankhula ndi amayi apampando ndi ife akuluakulu basi? Tiyeseko kuyamba ndi ang'onoang'ono, ndipo amene ali wamanyazi timuperekeze ku sikelo.

Mu Mthenga Wabwino wa Marko, mutu 5, muli mayi amene anataya magazi zaka 12. Anabwera mobisala, kumbuyo kwa khamu, pamene Yesu anali paulendo wopita kwa Yairo, mkulu wa sunagoge. Ambuye anaima, mkuluyo n'kudikira, mpaka mayi uja, akunjenjemera, atafotokoza zonse. Nafenso tiime chomwecho pa mnzathu amene mawu ake samveka.