WERENGANI BOTOLO LA VINYO MUSANATULUTSE NDALAMA

Mwezi wa Disembala ukayandikira, masitolo akuluakulu a mu Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba amaika poyera mabotolo a vinyo ongofika kumene, ndipo ambiri mwa awerengi athu, ngakhale amene samwa chakumwachi chaka chonse, amafuna kuti pa tebulo la Khirisimasi pakhale botolo limodzi kapena awiri olandirira alendo. Chimene timadandaula nacho chaka ndi chaka ndi chakuti munthu waulemu wake, pochita manyazi kufunsa, amatola botolo lokwera mtengo koposa poganiza kuti mtengo ndiwo umboni wa ubwino. Malipiro a Disembala ndi omwewo amene ayenera kulipira fizi ya ana ndi kugula feteleza wobereketsa mu Januwale, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi magawo 44 pa 100 alionse mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja safunika kugulidwa mwachimbulimbuli.

Vinyo wambiri wa m'masitolo mwathu amachokera ku chigawo cha Western Cape m'dziko la South Africa, kumene Jan van Riebeeck adafinya mphesa koyamba pa 2 Febuluwale 1659. Kumeneko mphesa zimakololedwa kuyambira mu Januwale mpaka mu Epulo, motero vinyo woyera ndi wofiirira wa chaka chomwecho amakhala atalowa m'mabotolo nyengo ya zikondwerero isanafike. Ameneyu ndiye vinyo watsopano amene wogula ayenera kumufuna. Chikhulupiriro chakuti vinyo aliyense amakoma akakalamba chidasocheretsa anthu ambiri. Vinyo woyera wa mtengo wapakati amapangidwa kuti amwedwe pasanathe chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo botolo lotere likakhala la zaka zisanu, dziwani kuti ndi katundu amene adakanika kugulidwa. Vinyo wofiira ndiye amapirira nthawi yotalikirapo.

Tsono pa pepala lomatidwa pa botolo pali zinthu zinayi zoyenera kuwerenga: mtundu wa mphesa, dera limene zidalimidwa, chaka chimene zidakololedwa ndi mphamvu ya mowa. Kuyambira m'chaka cha 1973 dziko la South Africa lili ndi lamulo lotchedwa Wine of Origin. Mwa lamuloli, dera likalembedwa pa botolo, mphesa zonse ziyenera kuchokera m'deralo, ndipo mtundu wa mphesa kapena chaka zikalembedwa, magawo osachepera 85 pa 100 alionse a vinyoyo ayenera kukhala a mtundu ndi chaka chimenecho. Umboni wake ndi kachidindo kokhala ndi manambala kamene kamamatidwa pa khosi la botolo. Kachidindo kameneka n'kodalirika kuposa zilembo zagolide ndi zithunzi za nyumba zachifumu, pakuti makolo adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa vinyo woyera, tikulangiza awerengi kuti ayambe afuna wotchedwa Chenin Blanc, amene kale ankadziwika ndi dzina lakuti Steen. Mphesa za mtundu umenewu ndizo zimalimidwa kwambiri kuposa zina zonse ku South Africa, ndipo kaamba ka kuchuluka kwake, vinyo wabwino wa m'madera a Swartland, Paarl ndi Robertson amapezeka pa mtengo woti mphunzitsi kapena kalaliki angaufikire. Amayenerana bwino ndi chambo chootcha, ngakhalenso nkhuku ndi mpunga wa Kilombero. Botolo lolembedwa Western Cape basi limatanthauza kuti mphesa zikhoza kukhala za madera angapo a chigawocho, ndipo kawirikawiri limatsika mtengo kuposa lolembedwa Stellenbosch kapena Constantia, kumene wogula amalipiranso kutchuka kwa dzina. Amene sakonda zowawasa ayang'ane mawu akuti Semi-Sweet, popeza mawu akuti Dry amatanthauza vinyo wosatsekemera.

Pa vinyo wofiira pali Pinotage, mphesa imene Pulofesa Abraham Perold adaipeza ku Stellenbosch m'chaka cha 1925 pokwatitsa mitundu iwiri ya ku France, Pinot Noir ndi Cinsaut. Vinyo wake ndi wolemerera m'kamwa ndipo amayenda bwino ndi nyama ya mbuzi kapena ya ng'ombe yootcha pa makala. Iwo amene afuna vinyo wathovu wolandirira Chaka Chatsopano asadzivutitse ndi Champagne, dzina limene limaloledwa pa vinyo wa chigawo chimodzi chokha cha ku France ndipo mtengo wake ndi wosayamba. Cap Classique, amene Frans Malan adayamba kumupanga pa munda wa Simonsig m'chaka cha 1971, amawira kachiwiri m'botolo momwemo monga achitira Champagne, koma ndalama zake n'zocheperapo kwambiri.

Pakhomo pamene padzasonkhane anthu ambiri, vinyo wa m'bokosi asanyozedwe. Bokosi la malita atatu ndi lofanana ndi mabotolo anayi a mamililita 750, ndipo popeza thumba la m'kati mwake sililowetsa mpweya, vinyoyo amakhala masabata angapo atatsegulidwa, pamene wa m'botolo amasintha kukoma pakangotha masiku ochepa. Chofunika ndi kuona tsiku lolembedwa pa bokosilo, chifukwa lisanatsegulidwe silisungika nthawi yaitali monga botolo.

Mdani wamkulu wa vinyo m'dziko lino ndi kutentha. Botolo limene layenda pa msewu kuchokera ku Cape, kudzera ku Beitbridge ndi ku Tete mpaka pa chipata cha Mwanza, siliyeneranso kuotchedwa ndi dzuwa pa zenera la sitolo. Sankhani la mumthunzi, ndipo mukaona kuti vinyo wadontha pa chitsekero kapena woyera wasanduka wa mtundu wa tiyi, libwezeni pa malo ake. Kunyumba lisungeni pansi pamalo pozizira, kutali ndi mbaula, ndipo ngakhale wofiira muziziritseni pang'ono musanathirire alendo.

Potsiriza, mphamvu ya mowa imene yalembedwa pa botolo iwerengedwe mosamala. Vinyo wambiri ali ndi magawo 12 mpaka 14 pa 100 alionse, pamene mowa wa m'mabotolo umene anthu adauzolowera uli ndi magawo pafupifupi 5. Botolo limodzi limatulutsa matambula asanu, ndipo limakwanira anthu asanu pa chakudya chimodzi. Amene wamwa asagwire chiongolero cha galimoto, ndipo ana apatsidwe thobwa kapena zakumwa zoziziritsa kukhosi. Mkulu wa mu ofesi ndiponso mphunzitsi ndi anthu amene mudzi wonse umawayang'ana. Alandire alendo awo mwaulemu ndi botolo losankhidwa mwanzeru, kuti sukulu zikamatsegulidwa mu Januwale asadzapezeke akugogoda pa khomo la wakatapira.