Ekiselo ikathyoka, mvula sidikira

Alimi a mpunga a m'mbali mwa nyanja za Chilwa ndi Chiuta, m'boma la Mecanhelas, akudziwa kuti pamene pali kathalakitala, mabanja ambiri amadalira komweko. Kakafa pa nthawi yolima, onsewo amabwerera ku khasu.

Pa makina akale, chitsulo chimene chimavuta kawirikawiri ndi ekiselo, yomwe imazunguza tayala. Imathyoka chifukwa chodzaza ngolo mopyola muyeso, kukakamiza makina atatitimira m'matope, kapena kulekerera beringi yakutha ikulira.

Ambiri amathamangira kwa owotcherera ku Insaca poti n'kotchipa. Koma moto umafooketsa chitsulocho, ndipo chimathyokanso pomwepo, munda uli pakati.

Amakaniko amalangiza kuti mwini makina achotse zidutswa zonse, awerenge mano a ekiseloyo, ayeze kutalika kwake, kenaka apite nazo ku Cuamba kapena awoloke malire pa Entre Lagos kukafuna yofanana nayo. Pomanga asinthenso beringi ndi kuthira oilo watsopano. Jeke yokha asaikhulupirire, aike chipika pansi.

Wokonza makina mu Okutobala amalima ndi mvula yoyamba.