Dzala la kumtunda, nthaka ya ku Kachulu

Msodzi wa pa dooko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, angathe kukalamba osaliona dzala la mumzinda wa Zomba. Komabe pakati pa iye ndi zinyalala za mumzindamo pali mtsinje wa Likangala, umene umatsika m'phiri la Zomba, kudutsa mumzinda, nukathira m'nyanjayi.

Nyanja ya Malaŵi ili ndi Shire wotulutsa madzi ake, koma Chilwa alibe potulukira. Madzi ake amachoka ndi dzuŵa basi, ndipo chimene anabwera nacho chimatsala m'thope.

Zotayidwa kudzala zili mitundu iŵiri. Makoko a nthochi ndi zotsala za kukhitchini zimaola nkusanduka manyowa. Koma mabatire otha, zitini za penti ndi mafoni akufa zimakhala ndi zitsulo zapoizoni, monga mtovu ndi cadmium. Zitsulozi sizivunda, ndipo moto suzitha, umangozisiya m'phulusa. Mvula ikagwa, zimaloŵerera m'nthaka kapena kukokoloka ndi madzi. Paja akulu anati madzi saiŵala khwaŵa.

Kuopsa kwake nkwakuti nthaka yotere sioneka kudwala. Ndiwo zamasamba zimabiriŵira, mpunga umacha bwino, koma mizu yayamwa kale poizoni. Mtovu umaononga bongo wa mwana, pamene cadmium amapha impso ndi kufeŵetsa mafupa. Ku Japan, alimi a m'mbali mwa mtsinje wa Jinzu anathirira mpunga ndi madzi odzera kumgodi, nadwala nthenda yoŵaŵitsa mafupa. Mu 1968 boma lakumeneko linavomereza kuti gwero lake linali cadmium.

M'chaka chomwecho cha 1968 nyanja ya Chilwa inaphwa, monganso inachitira mu 1995 ndi mu 2018. Madzi akathaŵa chotero, thope limauma, mphepo imaulutsa fumbi, ndipo anthu amene anataya matemba ndi milamba amatembenukira ku khasu. Pamenepo nthaka ya m'dambo ndiyo imakhala nkhokwe yawo yomaliza.

Nchifukwa chake nkofunika kuti dzala likumbidwe kutali ndi mtsinje, mabatire asungidwe paokha, ndipo mlimi asatape phulusa la kudzala kukathira kudimba. Akatswiri a zanthaka nawonso ayenera kumapima minda ya mpunga ya ku Likangala kaŵirikaŵiri. Wotaya batire ku Zomba akumbukire kuti mpunga ndi matemba a ku Chilwa amabwerera kumsika wa mumzinda momwemo.

(Ipitirira maŵa)