Makina otsukira mbale amafuna mbale zoikidwa bwino

Abale athu ambiri okhala ku Johannesburg ndi ku London, kudzanso amayi amene amagwira ntchito m'nyumba kumeneko, amapeza makina otsukira mbale ali kale m'khitchini. Dandaulo limene timamva kawirikawiri ndi lakuti mbale zimatuluka zisanayere, mpaka kuzitsukanso pamanja. Apa madzi, magetsi ndi sopo zimaonongeka kawiri. Komatu nthawi zambiri vuto limakhala pa kaikidwe ka mbale.

Mayi Josephine Cochrane wa ku America, amene analandira chiphaso cha makina ake mu 1886, anayamba ndi kuyeza mbale ndi makapu, n'kuzipangira timalo ta waya kuti chilichonse chiime pachokha. Makina ake ankatsuka ndi mphamvu ya madzi, ndipo a masiku ano amatsukanso motero. M'katimo muli timikono tozungulira topopera madzi otentha. Pamene madziwo sanafike, dothi limatsala.

Tsono mbale zazikulu ndi mapoto tiziika pa shelefu ya pansi, mbale zitaima ndipo kodyera kwake kutayang'ana pakati. Tisazithithikize kuti zikwane zonse. Makapu ndi matambula apite pamwamba, ozondotsa ndi opendekera pang'ono kuti madzi asadikhe. Ziwiya za pulasitiki nazonso zikhale pamwamba, poti pansi zingapindike ndi kutentha. Masipuni tiwasakanize ndi mafoloko, chifukwa akagonerana amatsekerezana madzi. Tisanatseke chitseko, tizungulitse timikono tija ndi dzanja kuti tione ngati sitikugunda chogwirira cha poto.

Zotsala za ndiwo ndi mafupa tizipalira mu bini, koma kutsukuluza mbale iliyonse pa mpopi n'kutaya madzi, pakuti makina atsopano ambiri amatsuka mbale zonse ndi malita pafupifupi 10 okha. Nsima ndiye nkhani ina. Nkhoko zikauma zimakanirira zedi, choncho poto wa nsima ayambe wanyikidwa m'madzi ndi kupalidwa.

Pali ziwiya zosayenera kulowamo. Mthiko ndi chipande zimang'aluka, ndipo poto wa aluminiyamu amada ndi kuthimbirira. Sopo wamadzi wotsukira pamanja tisathiremo, chifukwa thovu lake limasefukira m'khitchini monse. Sefa ya pansi tiziichotsa ndi kuitsuka kawirikawiri, kuopa kuti ingabwezere zinyenyeswa pa mbale.

Amayi ndi abambo, tisamale kwambiri za ana. Mipeni iloze pansi kapena igone pa shelefu ya pamwamba, ndipo chitseko chisasiyidwe chotsegula, chifukwa mwana akapunthwa angagwere pa mpeni. Sopo wa makinawa ndi waukali, amaotcha m'kamwa ndi m'maso, pomwe timapaketi take timaoneka ngati maswiti. Tizimusunga pamwamba posafikira mwana, ndipo amene akula tiwaphunzitse kuika mbale zawo moyenera akatha kudya.